"Bala yakana msilikali": mmene mungaisendere nkhaniyi musanaitumize kwa anzanu

Nkhani yakuti bala ina ku Britain yabweza msilikali pakhomo siisowa m'nyuzipepala za kumeneko, ndipo imakonda kutuluka kawiri pa chaka: kumapeto kwa Juni, pamene amachita Armed Forces Day, tsiku lolemekeza asilikali, ndi kumayambiriro kwa Novembala, pamene anthu amavala kaduwa kofiira pachifuwa pokumbukira amene anafera kunkhondo. Imabwera ndi chithunzi cha mnyamata wa yunifolomu atakwinya nkhope, ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu wonena kuti dziko lonse lapsa mtima. Dzuwa lisanalowe, nambala ya foni ya balayo yafika kale pa Facebook, ndipo amene akulandira zitukwano ndi mtsikana wotsuka matambula amene usiku umenewo sanali n'komwe pa ntchito.

Ine ndinagwirapo ntchito yoperekera mowa m'tauni ina ya ku England yoyandikana ndi kampu ya asilikali. Asilikali ndi amene ankatigula kwambiri, ndipo masiku ena ndi amene ankatipweteketsa mutu. Zonse ziwiri n'zoona. Ndiye nkhani yotere ikandipeza sindifulumira kukwiya, komanso sindifulumira kuitsutsa. Ndimaisenda kaye.

Yambani ndi kuvomereza kuti zimachitikadi. Nkhaniyi ndi yakalekale: ndakatulo ya Rudyard Kipling yotchedwa Tommy, ya m'zaka za m'ma 1890, imayamba ndi msilikali amene mwini bala wamukaniza mowa chifukwa cha malaya ake ausilikali. Mu 2008 hotela ina ku Woking inakana kupereka chipinda kwa msilikali amene anachokera ku Afghanistan atavulala, atangoonetsa chiphaso chake cha usilikali, ndipo munthuyo anagona m'galimoto. Chaka chomwecho zinamveka kuti asilikali a ndege a ku RAF Wittering anauzidwa kuti asamavale yunifolomu akamapita mumzinda wa Peterborough chifukwa anthu ena ankawanyoza, ndipo nduna yaikulu ya nthawi imeneyo, Gordon Brown, inadzudzula onyozawo. Mu 2012 bala ina ku Coventry inabweza asilikali ovala yunifolomu pa tsiku la maliro a mnzawo amene anaphedwa ku Afghanistan. Mwini wake anapepesa, koma madzi anali atafika kale m'khosi. Mu 2012 momwemo Lord Ashcroft anatulutsa kafukufuku wofunsa asilikali oposa 9,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse anati anakanidwapo m'bala, m'hotela kapena malo ena. Amene angakuuzeni kuti zonsezi n'zopeka za atolankhani akukunamizani. Koma m'kafukufuku yemweyo, ochuluka kuposa amenewa anati anthu osawadziwa anabwerapo kudzawathokoza, ndipo mbali imeneyi simudzaiona pa mutu wa nkhani.

Mutu ndi wina, nkhani ndi ina

Chinthu chimene owerenga ambiri sadziwa n'chakuti mtolankhani amene analemba nkhaniyo kawirikawiri si amene analemba mutu wake. Mutu amaika ndi mkonzi wina, amene ntchito yake ndi kukukolani kuti mudine. Iyeyu sanapite ku balako, sanalankhule ndi msilikali kapena mwini malo. Ndiye phimbani mutuwo ndi chala, muwerenge nkhani yonse mpaka pansi, kenaka mudzifunse mutu umene inuyo mukanaikapo. Ukasiyana kwambiri ndi umene ulipowo, mwadziwa kale kumene mphepo ikuwombera.

Yang'anani timikwingwirima ta mawu ogwidwa. Nyuzipepala za ku Britain zikaika mawu akuti anamuletsa kapena anamuthamangitsa m'kati mwa timikwingwirima, zikutanthauza kuti wina ndiye wanena, izo sizinatsimikize. Ndi njira yodzitetezera kukhoti. Mawu onena za mkwiyo nawo afunseni: wakwiya ndani? Mukawerenga mupeza kuti ndi mayi ake a mnyamatayo, phungu mmodzi amene mtolankhani anamuimbira foni n'kumufotokozera nkhaniyo mwachidule, ndi ndemanga zitatu zotoledwa pa intaneti. Mayi ali ndi ufulu wokwiya. Koma mayi ndi phungu si dziko.

Kenaka tsikirani ku ndime ziwiri zomaliza. Kumeneko n'kumene amabisa yankho la mwini bala, podziwa kuti ambiri safikako. Ine ndimayamba kuwerenga kumeneko, n'kumakwera. Mukapeza kuti alemba zoti mwini bala sanapezeke kuti anenepo mbali yake, nkhaniyo ili ndi mwendo umodzi, ndipo nthawi zina kusapezekako kumangotanthauza kuti anamuimbira kamodzi m'mawa bala isanatsegulidwe.

Chimene chinakanidwa n'chiyani kwenikweni?

Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa mutu umodzimodzi womwewo umaphimba zinthu zosiyana kwambiri, ndipo zina mwa izo si kusala msilikali ayi.

Choyamba ndi chiphaso. Ku Britain mowa umagulitsidwa kwa munthu wa zaka 18 kupita m'tsogolo, koma usilikali munthu angaulowe ali ndi zaka 16 makolo akavomereza. Ku Harrogate kuli sukulu ya asilikali ya achinyamata a zaka 16 ndi 17. Choncho yunifolomu, kapena kametedwe ka tsitsi, si umboni wa zaka. Mabala ambiri amatsata ndondomeko ya Challenge 25, yoti aliyense wooneka ngati sanafike zaka 25 aonetse chiphaso, ndipo woperekera mowa akagulitsa kwa mwana, chindapusa chimatha kuchoka m'thumba mwake iye mwini. Kwa zaka zambiri mkangano unali pa chiphaso cha usilikali, chimene ogwira ntchito ambiri sankachidziwa. Kuyambira Okutobala 2014 malamulo a ku England ndi Wales amalola chiphaso chokhala ndi chizindikiro chooneka pa kuwala kwa ultraviolet, ndipo unduna wa za m'dziko, Home Office, umaika chiphaso cha usilikali pakati pa zovomerezeka. Koma kuvomerezeka si kukakamiza: bala imasankha yokha ziphaso zimene ilandire, ndipo zina zimangofuna pasipoti kapena laisensi yoyendetsera galimoto. N'zokwiyitsa kwa munthu amene wangobwera kunkhondo kuuzidwa kuti chiphaso cha boma lake sichikukwanira kugulira botolo limodzi. Ndimamumvetsa. Koma chimene chakanidwa apa ndi kachikalata, ndipo wophunzira wa ku yunivesite wa chiphaso cha sukulu akanabwezedwanso chimodzimodzi.

Chachiwiri ndi kuledzera. Gawo 141 la Licensing Act 2003, lamulo la kagulitsidwe ka mowa, limati kugulitsa mowa kwa munthu amene waledzera kale ndi mlandu, ndipo chindapusa chake chimafika £1,000. Munthu akamafotokoza m'mawa mwake mmene anamubwezera, sanena kuti imeneyo inali bala yachinayi usikuwo. Si kuti akunama. Iye akukumbukira kuti anali bwinobwino, monga mmene aliyense woledzera amakumbukirira. Ndiye fufuzani nthawi. Kubwezedwa masana pofuna kapu ya tiyi ndi kubwezedwa pakati pa usiku wa Loweruka ndi nkhani ziwiri zosiyana. Nkhani ikapanda kutchula nthawi, dziwani kuti mwina nthawiyo ikanaononga mutu.

Chachitatu ndi gulu. Mabala ambiri a m'matauni salola gulu lalikulu la anyamata kulowa nthawi imodzi, kaya ndi ochemerera mpira, kaya operekeza mnzawo amene akukwatira. Asilikali nawo amayenda m'magulu, chifukwa amakhala limodzi, amalandira limodzi, amapuma limodzi. Funsani kuti analipo angati. Chithunzi chimaonetsa mmodzi, koma pakhomo mwina panafika anthu khumi ndi awiri.

Chachinayi ndi yunifolomu yeniyeniyo, ndipo apa pali chinthu chimene nyuzipepala sizikonda kutchula. Malamulo a asilikali a ku Britain eni ake amati munthu asavale yunifolomu popita kumalo omwera mowa pokhapokha akuluakulu ake atamulola. Akuluakulu a kampu alinso ndi mphamvu yoletsa asilikali awo kupita ku bala inayake, ndipo m'matauni a asilikali monga Aldershot, Colchester ndi Catterick zimenezi si zachilendo. Palinso mbiri yowawa kuseri kwake. Pa 5 Okutobala 1974 gulu la IRA, lomenyera kuti Northern Ireland ichoke mu ulamuliro wa Britain, linatchera mabomba m'mabala awiri a ku Guildford, Horse and Groom ndi Seven Stars, chifukwa choti asilikali ankakonda kumwera kumeneko. Anthu asanu anafa, anayi mwa iwo asilikali. Mwezi wotsatira bomba lina linaponyedwa mu Kings Arms ku Woolwich. Kwa zaka zambiri pambuyo pake asilikali ankalangizidwa kuti asamadzionetsere pagulu. Eni mabala ena achikulire anakulira m'nthawi imeneyo, ndipo lamulo lawo loletsa yunifolomu linabadwa ndi mantha, osati chidani. Ena amangoganiza kuti akuthandiza akuluakulu a kampu.

Komabe apa ine sindiwaikira kumbuyo kwambiri. Lamulo la yunifolomu ndi la asilikali ndi akuluakulu awo, si la mwini bala. Pa tsiku la maliro, la ukwati kapena lokumbukira ofera kunkhondo, anthu amavala yunifolomu ndi chilolezo, ndipo aliyense wa maso amaona kuti lero ndi tsiku lotani. Zimene zinachitika ku Coventry zinali kutsata lamulo la pakhoma mutu utasiyidwa kunyumba.

Chachisanu ndiye chenichenicho: bala imene inagamula kuti msilikali aliyense asalowe, wavala yunifolomu kapena ayi, waledzera kapena ayi, ali yekha kapena ndi mkazi wake. Alonda a pakhomo amangoyang'ana tsitsi ndi kayendedwe, kapena kudikira kuti munthu atulutse chiphaso cha usilikali. Chifukwa chimene amapereka chimakhala chimodzimodzi nthawi zonse: kunali ndewu mwezi watha, mawindo anasweka, apolisi anabwera, ndipo khonsolo ikhoza kuunikanso laisensi. Ndewuzo zimachitikadi, magalasi ndinasesapo. Koma kulanga anthu masauzande chifukwa cha anyamata asanu ndi ulesi. Njira yoletsa munthu mmodzimmodzi ilipo: eni mabala a m'tauni imodzi amagwirizana kudzera mu Pubwatch, ndipo wochita ndewu m'bala imodzi amaletsedwa m'mabala onse a m'gululo. Foni imodzi kwa akuluakulu a kampu imagwiranso ntchito kuposa chikwangwani, pakuti msilikali amaopa sajeni wake kuposa mlonda aliyense. Mukapeza kuti nkhani imene mukuwerenga ndi ya mtundu wachisanu uwu, kwiyani ndithu. Koma mufike kaye pamenepo ndi umboni.

Funsaninso kuti anakana ndani. Alonda a pakhomo ambiri si antchito a balayo. Amachokera ku makampani a chitetezo, ali ndi laisensi ya Security Industry Authority, ndipo lero ali pano mawa ali kwina. Mlonda mmodzi akhoza kudzipangira lamulo lake mwini bala ali m'tulo. Nkhani ikamati kampani yonse yaletsa asilikali, onani ngati pali kalata, chikwangwani kapena mneneri wa kampani wovomereza. Ngati palibe, mwina ndi munthu mmodzi usiku umodzi.

Za lamulo, musadalire ndemanga za pansi pa nkhani. Kumeneko simulephera kupeza wina wolemba kuti kukana msilikali n'kuphwanya lamulo. Si choncho. Bala ndi malo a mwini, ndipo akhoza kukana aliyense bola chifukwa chake chisakhale chimodzi mwa zimene Equality Act 2010 imaletsa. Lamulo limeneli limatchula zinthu 9, monga mtundu wa munthu, chipembedzo, ulumali, ndi kukhala mwamuna kapena mkazi. Ntchito ya usilikali mulibemo. Anthu ayesapo kusintha zimenezi. Lipoti la phungu Quentin Davies la mu 2008, lomwenso linabala Armed Forces Day, linapempha kuti kusala munthu chifukwa cha yunifolomu kukhale mlandu, ndipo phungu wina, Thomas Docherty, anabweretsa bilu yake ku nyumba ya malamulo patapita zaka zingapo, koma sinadutse. Armed Forces Covenant, pangano lakuti asilikali ndi mabanja awo asavutike chifukwa cha ntchito yawo, linalowa m'lamulo mu 2011 ndipo linalimbitsidwa mu 2021 pa nkhani za chipatala, sukulu ndi nyumba. Bala silikuigwira. Pali pamodzi pokha pofunika kutchera khutu: m'gulu la nkhondo la Britain muli a Gurkha a ku Nepal, a ku Fiji ndi ochokera m'maiko ena a Commonwealth. Msilikali wotere akabwezedwa anzake achizungu atalowa, imeneyo si nkhani ya yunifolomu, ndi ya khungu, ndipo lamulo lilipo.

Werengani magwero, osati manyuzipepala

Mukaona nkhani imodzi m'nyuzipepala zisanu ndi imodzi, musaganize kuti atolankhani asanu ndi mmodzi anafufuza. Kawirikawiri imayambira pa Facebook, nyuzipepala ya m'tauniyo n'kuitola, kampani yogulitsa nkhani monga SWNS n'kuigulitsa kwa nyuzipepala zikuluzikulu, ndipo iliyonse imangosintha mutu ndi kuwonjezera tsabola. Ikani ziwiri pambali ndi pambali. Mawu ogwidwa akakhala ofanana ndendende, gwero ndi limodzi. Kandimverere anakanena za m'maluwa, ndiye bwererani kwa woyamba. Nyuzipepala ya m'tauniyo nthawi zambiri ndi imene imakhala yodekha, popeza mtolankhani wake amaidziwa balayo ndipo mawa akumananso ndi mwini wake pamsewu.

Onani deti. Nkhani zimenezi sizifa. Ya zaka khumi zapitazo imadzuka Novembala aliyense ngati yachitika dzulo, balayo itagulitsidwa kale kwa munthu wina amene sadziwa kanthu. Onaninso dzina ndi tauni, chifukwa ku Britain mabala otchedwa Red Lion, Crown kapena Royal Oak alipo mazanamazana, ndipo anthu okwiya sasankha.

Zina zimakhala bodza lamkunkhuniza. Mu 2004 kalata ya pa intaneti inafala yonena kuti kampani ya khofi ya Starbucks yakana kutumiza khofi kwa asilikali a ku America amene anali ku Iraq chifukwa siigwirizana ndi nkhondo. Msilikali amene anailemba anabweza mawu ake n'kupepesa, koma kalatayo inapitirira kuyenda, mpaka ina inasinthidwa n'kuikamo Royal Marines a ku Britain. Mu 2017 akaunti yonamizira ya pa Twitter inalemba kuti ogwira ntchito m'mabala a Wetherspoon aletsedwa kuvala kaduwa kofiira kaja. Linali bodza, koma anthu analumbira kuti sadzapondamonso. Ndiye chithunzi cha uthenga chikakufikani, pitani pa akaunti yeniyeni ya kampaniyo, kapena mufufuze pa Full Fact ndi Snopes, masamba a pa intaneti ofufuza ngati nkhani ndi yoona kapena yabodza.

Nyuzipepala zazikulu nazo zinagwapo m'mbuna. Mu Okutobala 2006 The Sun inalemba kuti achinyamata achisilamu anaononga nyumba ina pafupi ndi Windsor imene akuluakulu a asilikali obwera ku Afghanistan ankafuna kuchita lendi. Mu Januwale 2007 inatulutsa kandime kovomereza kuti apolisi sanapeze umboni woloza chipembedzo chilichonse. Mutu uja unali waukulu, kandime aka kanali kakang'ono. Chenjerani kwambiri nkhani ya msilikali wokanidwa ikakhala ndi mawu akuti anaopa kukhumudwitsa anthu a zipembedzo zina kapena obwera. Funsani kuti mawu amenewo anatuluka pakamwa pa ndani, ndipo wina aliyense wa anthu akunenedwawo anadandaulapo kapena ayi. Nthawi zambiri palibe amene anadandaula. Ndipo kukokomeza kulibe mbali: mu Meyi 2004 Daily Mirror inasindikiza zithunzi zoonetsa asilikali a Britain akuzunza mkaidi ku Iraq, zithunzizo zinapezeka kuti n'zopanga, ndipo mkonzi wake, Piers Morgan, anachotsedwa ntchito. Msilikali amagulitsa nyuzipepala akakhala ngwazi yonyozedwa, amagulitsanso akakhala chilombo. Msilikali wamba amene analowa m'bala, kumwa mabotolo awiri n'kupita kukagona sagulitsa kanthu.

Mukatha zonsezi, dikirani masiku awiri musanatumize. Si zambiri. M'masiku awiri amenewo mwini bala amayankha, nthawi zina zithunzi za kamera ya pakhomo zimatuluka, ndipo nkhani imalimba kapena kugwa yokha.

Ngati wobwezedwayo ndinu, kapena mbale wanu, musakangane ndi mlonda. Simungapambane, ndipo foni ya wina ikujambula. Pemphani kuonana ndi manijala, mufunse mwaulemu ngati limeneli ndi lamulo la balayo kapena maganizo a mlonda, ndiponso chifukwa chake. Lembani nthawi, mawu amene ananenedwa ndi anthu amene anaona. M'mawa mwake lemberani mwini laisensi, kapena likulu la kampani ngati balayo ili m'gulu la mabala ambiri, ndipo muwadziwitse akuluakulu anu ku kampu, amene amakumana ndi apolisi ndi khonsolo pa nkhani zoterezi. Musanapite kwa mtolankhani, kumbukirani kuti msilikali amene ali pa ntchito amayenera kupempha chilolezo asanalankhule ndi nyuzipepala, ndiponso kuti nkhani ikachoka m'manja mwanu simungaibwezenso. Mutu adzaika ndi wina, ndipo dzina lanu lidzakhala pansi pake zaka zambiri.

Ngati ndinu wowerenga chabe ndipo mwaona kuti mutu sukugwirizana ndi nkhani, pali kokadandaula. Bungwe la IPSO, limene linayamba mu Sepitembala 2014 pambuyo pa kafukufuku wa woweruza Leveson pa khalidwe la nyuzipepala, limayang'anira nyuzipepala monga The Sun, Daily Mail, Daily Mirror ndi The Telegraph. Gawo loyamba la malamulo ake a akonzi limaletsa nkhani zosocheretsa, kuphatikizapo mitu imene nkhani yake siikuichirikiza, ndipo pa gawo limeneli munthu amene nkhaniyo siikumukhudza akhoza kudandaula. Nthawi yake ndi miyezi 4 kuchokera tsiku losindikiza, kapena mpaka miyezi 12 ngati nkhaniyo ikadali pa intaneti. The Guardian ndi Financial Times sizili mu IPSO, zili ndi maofesi awoawo olandira madandaulo, ndipo za pa wailesi ndi kanema zimapita ku Ofcom, kupatula za BBC zimene mumayamba mwadandaula ku BBC komweko. Jambulani mutuwo tsiku lomwelo mwauona, chifukwa pa intaneti amausintha mwakachetechete.